MSIKA UMODZI, KOMA PHINDU LA YANI?

Pa msonkhano wathu wapitawu ena anafunsa kuti: kodi dziko likalowa m'cigwirizano ca malonda ndi maiko oyandikana nalo, munthu wa kumudzi apindulanji? Yankho liri m'mbiri yathu yomwe.

Pamene dziko lino linali kuchedwa Nyasaland, linali pansi pa mapangano a ku Berlin a caka ca 1885, amene anati katundu wa maiko onse azilowa kuno pa msonkho wofanana. Cifukwa ca ici nsaru za ku Japan ndi ku India zinali kufika m'masitoro pa mtengo umene mlimi wa thonje kapena wa fodya anali kuutha.

M'caka ca 1953 Angerezi anatilowetsa m'Citaganya pamodzi ndi Southern Rhodesia ndi Northern Rhodesia, ngakhale mafumu athu anapita ku London kukakana. Anati maiko atatuwa adzakhala msika umodzi. Msika unakhaladi umodzi, koma mphamvu yoika msonkho wa pa malire inapita ku Salisbury. M'Nyumba ya Malamulo ya kumeneko munali mipando 35. Ya Nyasaland inali 7 yokha, ndipo anthu akuda a kuno anali awiri basi.

Tsono Boma la Citaganya linakweza msonkho pa katundu wocokera kunja, kuti mafakitale a ku Salisbury ndi Bulawayo asapikisane ndi wina ali yense. Nsaru zochipa zija zinakwera mtengo, ndipo makolo athu anayamba kugula za ku Rhodesia, osati mwa kufuna kwao ai. Mafakitale atsopano anamangidwa komweko. Damu la magetsi linamangidwa ku Kariba, pamene mathithi a Nkula pa Shire anadikira kufikira 1966, Citaganya citatha kale mu 1963. Katundu wathu wamkuru wopita kumeneko anali anyamata okafuna nchito.

Sitikana kuti ndarama zina zinabwera kuno. Cipatala ca Queen Elizabeth ku Blantyre cinamangidwa masiku omwewo. Koma mphatso asankha ndi wopereka, pamene msonkho wa pa nsaru unalipidwa ndi mai ali yense wa pamudzi. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Lero Malawi ali mu COMESA ndi mu SADC. Kumeneko tinalowa tokha, ndipo tiri ndi mpando wathu. Sitinena kuti titurukemo, pakuti katundu wathu adzera ku Beira ndi ku Nacala, ndipo popanda anansi sitingathe kugulitsa kanthu. Koma mpando uli cabe ngati wokhalapo sadziwa zimene mlimi afuna.

Cifukwa cace phungu wathu akabwera, timfunse zinthu zitatu: msonkho wa pa malire aika ndani? Ife tigulitsa ciani kwa anansi athuwo? Mtedza ndi soya wathu azituruka wosakonza kufikira liti, ife nkumagula mafuta opangidwa kwina? Makolo athu sanafunsidwe mu 1953. Ife tikakhala cete, tidzakhala tasankha tokha.