Musachite manyazi kukamba za malipiro pofunsidwa ntchito

Anzanga aphunzitsi ndi inu ana anga amene mudadutsa m'manja mwathu, lero ndikufuna tikambirane za funso lomwe limaumitsa pakamwa anthu ambiri pa intavyu: "Kodi mukufuna tizikulipirani ndalama zingati?" Ambiri amangoyang'ana pansi n'kunena kuti, "Zilizonse zimene mungandipatse, bwana." Ine ndikuti yankho limeneli ndi lolakwika, ngakhale likuoneka laulemu.

Ife a m'boma nkhaniyi siitikhudza kwenikweni. Malipiro athu amayendera giredi, ndipo okambirana ndi boma ndi a bungwe la TUM. Koma mukapita kusukulu yapulaiveti, kukampani kapena kubungwe lomwe si la boma, palibe wokulankhulirani. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndalama imene mwavomera tsiku loyamba ndiyo maziko, chifukwa akamakweza malipiro amawerengera peresenti pa ndalama yomweyo. Mukayambira pansi, mudzakhalabe pansi kwa zaka zambiri.

Choyamba, fufuzani musanapite. Funsani amene akugwira kale ntchito yofanana ndi imeneyo. Werengerani lendi, thiransipoti, chakudya ndi fizi ya ana. Mukatero mutha kunena mofatsa kuti, "Malinga ndi dipuloma yanga komanso zaka zomwe ndaphunzitsa Fomu 4, ndikuyembekeza pakati pa ndalama zakuti ndi zakuti." Mukatchule zimene mukudziwa kuchita: ana amene mudawakhozetsa mayeso a MSCE, maphunziro amene mungathe kuphunzitsa. Mavuto a kunyumba kwanu asiyeni, bwana sagula mavuto, amagula ntchito.

Chachiwiri, funsani ngati ndalama akutchulayo ndi yoti adadula kale msonkho. Tiyerekeze akulonjezani K400,000 pamwezi. Pa malamulo a msonkho a 2024, K150,000 yoyamba sinkadulidwa kanthu, koma yotsalayo ankadulapo 25 peresenti. Muchotsenso 5 peresenti ya penshoni. Yolowa m'thumba inali pafupifupi K320,000 basi. Wolemba ntchito naye ayenera kukusonkherani 10 peresenti ya penshoni, lamulo lomwe lidayamba mu 2011. Mufunse kuti ndalamazo amazipereka ku kampani iti.

Chachitatu, malipiro si ndalama ya pamwezi yokha. Kodi pali nyumba? Pasabata mudzaphunzitsa mapiriyodi angati? Nanga nthawi ya holide amalipira? Funso lomalizali ndi lofunika kwambiri kwa aphunzitsi, chifukwa sukulu ikatsekera, lanilodi satsekera nawo. Funsaninso kuti malipiro amaunikidwanso liti. Mu Novembala 2023 kwacha idatsika mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo malipiro amene dzulo lake ankaoneka abwino adasanduka chenje. Chakudza sichiimba ng'oma.

Chachinayi, zonse zilembedwe. Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limati wolemba ntchito apereke kwa wantchito chikalata chofotokoza malipiro ndi mfundo zina za ntchitoyo. Limatinso nthawi yoyesedwa isapitirire miyezi 12, komanso kuti anthu ogwira ntchito yofanana alipidwe mofanana popanda tsankho. Atsikana anga, mfundo yomalizayi muisunge. Lonjezo la pakamwa loti "tidzakuonjezerani ana akachuluka" silingakuthandizeni ku ofesi ya leba.

Ndikudziwa ena anena kuti, "Aphunzitsi, ntchito zikusowa. Ndikayamba kunenerera atenga wina." Zoonadi, ofuna ntchito ndi ambiri, ndipo nthawi zina munthu amavomera zochepa kuti ana adye. Sindikumunyoza ameneyo. Koma kufunsa mwaulemu si kukana ntchito. Nthawi yabwino yonenerera ndi pamene akuuzani kuti akusankhani, chifukwa apo ndiye kuti akukufunani. Akakana kuonjezera, pemphani kuti alembe tsiku lomwe adzaunikenso malipiro anu mukatha nthawi yoyesedwa. Bwana amene wakwiya chifukwa choti mwafunsa za malipiro wakuonetsani kale mmene zinthu zizikhalira mwezi ukatha.

Timanenerera tomato pamsika popanda manyazi. Nanga bwanji tikuchita manyazi pa thukuta lathu? Anzanga, tiziwaphunzitsanso ana zimenezi asanachoke m'manja mwathu. Amene mudakumanapo ndi funsoli, tiuzeni mmene mudayankhira kuti ena aphunzirepo.