Stanford asadikire chaka china cha chikumbutso

Mu 2024 padakwana zaka 100 chimwalirireni Charles Villiers Stanford, wopeka nyimbo wa ku Ireland, ndipo okonza makonsati ku Britain ndi ku Ireland adapukuta fumbi pa nyimbo zake zingapo. Nkhawa yanga njakuti poti mwambo udatha, mkuluyu amubwezeranso m'kabati.

Chimene chimandinyansa n'chakuti dzina lake likangotchulidwa, anthu amathamangira kwa ophunzira ake. N'zoona, kuyambira 1883 adaphunzitsa kupeka nyimbo pa Royal College of Music ku London, ndipo Vaughan Williams, Gustav Holst, Frank Bridge ndi Samuel Coleridge-Taylor, mwana wa dokotala wa ku Sierra Leone, onse adadutsa m'manja mwake. Koma munthu amene adapeka masimfoni 7 ndi zisudzo zoimba zambirimbiri, mungamusandutse bwanji mlatho wongowolokerapo ena? Masimfoni akewo adajambulidwa onse pamodzi ndi Vernon Handley ndi Ulster Orchestra mwini wake atagona kale zaka zoposa 60. Kuchedwa kotereku sitingakutche ulemu ayi.

Ena amati nyimbo zake zidagwa chifukwa zimangomveka ngati za Brahms, wopeka wa ku Germany, ndipo mlembi George Bernard Shaw ankamunyoza ali moyo. Chabwino, Stanford ankamukondadi Brahms, sadabise. Nanga bwanji simfoni yake yachitatu, ya mu 1887, yodzaza ndi maimbidwe a kwawo ku Ireland, idaimbidwa ku Berlin, ndipo Gustav Mahler adaitsogolera ku New York? Akatswiri amenewo adali ndi makutu, sankaimba mokomera mnzawo.

Oyang'anira maholo nawo amadandaula kuti dzina losadziwika silidzaza mipando. Abwana inu, munthu angagule bwanji tikiti ya nyimbo imene simudamumvetseko n'kamodzi komwe? Funsani makwaya a mpingo wa Anglican. Nyimbo zake za mapemphero amadzulo, monga zija za mu B flat za mu 1879, sadazisiyepo, ndipo mpaka lero zikumveka m'makachisi akuluakulu a ku England. Kumene adapatsidwa malo, anthu sadatope naye.

Choncho chonde, inu osankha nyimbo za pa wailesi ndi m'makonsati, muikeni m'ndandanda wa chaka chilichonse, pambali pa ophunzira ake omwe mumawakondawo. Musadikire 2052 kuti mudzamukumbukire atakwanitsa zaka 200 chibadwire.