Magetsi a sola otsala: adzawagula ndani, nanga pa mtengo wanji?

Anthu a m'distiritu ya Maravia amene amawoloka malire kupita ku Zambia akhala akubwera ndi nkhani yatsopano yokhudza magetsi a dzuwa. M'chaka cha 2024 boma la Zambia linakhazikitsa lamulo lolola munthu amene ali ndi sola pa nyumba kapena pa bizinesi yake kutumiza magetsi otsala m'mawaya a kampani ya ZESCO, ndipo kampaniyo imamuchepetsera ndalama zimene amalipira. Lamuloli linabwera m'chaka cha chilala choopsa, pamene madzi anachepa m'damu la Kariba ndipo m'matauni ena magetsi ankazima mpaka maola 20 pa tsiku. Tsono ena kuno ku Chiputo akufunsa kuti: kodi ife a ku Mozambiki sitingachite chimodzimodzi?

Tisanayankhe, tiyambe taona mmene njirayi imagwirira ntchito. Sola imapanga magetsi ambiri masana, nthawi imene eni nyumba ali kumunda kapena kuntchito. Wopanda batire amangotaya magetsiwo. Koma ngati nyumbayo inalumikizidwa ku mawaya a kampani, otsalawo angathe kulowa m'mawayamo nakayatsa firiji kapena wailesi ya mnansi. Pamafunika mita yapadera yowerenga mbali ziwiri, magetsi olowa ndi otuluka, chifukwa mita wamba ya Credelec inapangidwira kuwerenga magetsi amene munthu wagula basi. Pamafunikanso makina odula sola msanga magetsi a kampani akazima, kuti anyamata okonza mawaya asagwidwe ndi magetsi ochokera m'nyumba za anthu.

Mkangano wagona pa mtengo. Eni sola amati magetsi ndi magetsi, choncho amene iwo atumiza awerengedwe pa mtengo womwewo umene kampani imagulitsira. Makampani amayankha kuti mu ndalama imene timalipira muli zinthu zambiri: mapolo, mawaya, matransifoma ndi malipiro a antchito. Mwini sola amagwiritsabe ntchito zonsezi usiku ndiponso masiku a mitambo. Akawerengeredwa mtengo wathunthu, ngongole yake ingathe kutsika mpaka kutheratu, ndipo ndalama zosamalira mawaya zidzachokera kwa anzake opanda sola, amene kawirikawiri ndiwo osauka.

Mkanganowu wafika kale patali m'maiko ena. Ku California, m'dziko la America, eni sola anakhala zaka zambiri akulandira pafupifupi mtengo wathunthu, koma kuyambira mwezi wa Epulo 2023 olowa kumene anawadulira mtengowo ndi magawo pafupifupi atatu mwa anayi. Ku South Africa, mzinda wa Cape Town unayamba m'chaka chomwecho kulipira ndalama zenizeni kwa amabizinesi otumiza magetsi, pofuna kuchepetsa kuzima kwa magetsi, koma pa mtengo wotsikirapo kuposa wogulitsira. Phunziro lake nlakuti mtengo ukakwera kwambiri umapweteka opanda sola, ndipo ukatsika kwambiri palibe amene amataya ndalama zake kugula mita ndi makina aja.

M'dziko muno nkhaniyi siyachilendo kwenikweni. M'chaka cha 2014 boma linavomereza Decreto 58/2014, imene inaika mitengo yoti kampani ya EDM izigulira magetsi opangidwa ndi dzuwa, mphepo, timadamu tating'ono ndi zotsalira za zomera. Koma inakhudza makina oyambira pa makilowati 10 mpaka mamegawati 10, ndipo mitengoyo sinagwire ntchito monga anthu ankayembekezera. Kuti timvetse bwino, makilowati 10 ndi ofanana ndi masola 100 a mawati 100 iliyonse, pamene nyumba yakumudzi imakhala ndi sola imodzi kapena awiri. Pambuyo pake panabwera lamulo latsopano la magetsi, Lei 12/2022, limene linalowa m'malo mwa la 1997 ndi kukulitsa mwayi woti anthu ndi makampani osakhala a boma alowe m'ntchitoyi. Bungwe loyang'anira za mitengo ndi ARENE, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2017.

Pali chifukwa chomveka choti dziko lathu liganizire bwino za magetsi otsalawa. Distiritu yathu ili m'mbali mwa nyanja ya Cahora Bassa, kumene makina a ku Songo angathe kupanga mamegawati 2,075. Gawo lalikulu la magetsiwo limagulitsidwa ku South Africa kudzera m'mawaya otalika makilomita pafupifupi 1,400, ena amapita ku Zimbabwe. Chilala cha 2024 chinatsitsanso madzi m'nyanjayi. Masola akachuluka m'matauni monga Tete ndi Moatize, makina a pa damu angathe kuchepetsa madzi amene amagwiritsa ntchito masana ndi kuwasungira madzulo, nthawi imene aliyense wayatsa nyali. Choncho magetsi otsala ali ndi phindu lenileni, ndipo woatumiza ayenera kulandira kanthu.

Komabe tinene zoona zake: munthu sangatumize magetsi kumene kulibe waya. Boma linayambitsa pulogalamu ya Energia para Todos m'chaka cha 2018 ndi cholinga choti aliyense akhale ndi magetsi pofika 2030, koma m'midzi yotalikirana ndi mapolo a EDM sola ndi batire ndizo zimayatsa nyali ndi kutchaja mafoni. Ngati eni masola akuluakulu a m'tauni angapatsidwe mtengo wopitirira muyeso, ndalamazo zidzachoka m'thumba lomwelo limene liyenera kugula mapolo ofika kumidzi. Apa ndi pamene mkangano wooneka ngati wa anthu a m'tauni ukukhudza mlimi ndi msodzi wa ku Maravia.

Lamulo limene likutikhudza kwambiri ife akumidzi ndi lina, Decreto 93/2021, lonena za magetsi m'madera amene mawaya a dziko sanafike. Limalola kampani kapena gulu lovomerezeka kumanga kasiteshoni ka sola kokhala ndi mawaya akeake m'mudzi ndi kugulitsa magetsi kwa anthu, pa mtengo wovomerezedwa ndi ARENE. Bungwe la FUNAE lakhala likumanga masiteshoni otere m'zigawo zingapo. M'dongosolo lotere magetsi a masana sayenda ulendo wautali: angathe kuyendetsa chigayo, pampu yothirira dimba, makina owotcherera zitsulo kapena firiji yosungira nsomba, ndipo ndalama zimatsala m'mudzi momwemo.

Kwa amene akuganiza zogula sola, langizo nlakuti agule yolingana ndi zosowa za pakhomo kapena za bizinesi yawo, osatenga ngongole ya sola yaikulu poyembekezera kuti kampani idzawalipira. Malipiro otere amafuna waya, mita yapadera ndi pangano lolembedwa.

Ndipo pamisonkhano ya conselho consultivo, kumene mafumu ndi akuluakulu a posto amakumana, pali mafunso oyenera kufunsidwa poyera. Kodi midzi iti ya ku Chiputo ili pa ndondomeko ya EDM, nanga iti idzalandira kasiteshoni ka sola? Sukulu kapena chipatala chikakhala ndi magetsi otsala, kodi oyandikana nacho adzaloledwa kulumikiza ndi kulipira? Nanga mawaya a EDM akadzafika, amene anaika ndalama zawo m'kasiteshoniko adzabwezeredwa bwanji? Mayankho a mafunso amenewa akalembedwe m'mabuku a msonkhano, kuti chaka chamawa anthu adzathe kufunsa pamene ntchitoyo yafika.