Injini ikamagwedeza thupi, khutu ndi mawu zimavutika

Ambiri mwa ife kuno kunyanja timadyera pa injini. Bambo amachezera usiku pa boti, mnyamata amakhala m'chigayo tsiku lonse, wina ali pa njinga yamoto kunyamula anthu. Timadandaula za msana, koma za khutu timaiwala.

Injini imatipatsa zinthu ziwiri: phokoso ndi kunjenjemera. Kunjenjemerako kumalowa m'thupi kudzera pa thabwa lomwe takhalira kapena pansi pomwe taponda. Chifuwa ndi mimba zimagwedezeka kwambiri kunjenjemera kukamabwera ka 4 mpaka ka 8 pa sekondi. Poti mawu amachokera ku mpweya wa m'mapapo, mpweyawo umatuluka modukizadukiza, mawu n'kumanjenjemera. Tikawonjeza phokoso, munthu amayamba kukuwa, ndipo pofika kugombe mawu asasa.

Za khutu ndiye zoopsa kwambiri. M'kati mwa khutu lililonse muli timaselo ta ngati tsitsi pafupifupi 16,000 tomwe timamva mawu. Phokoso lalikulu limatipha pang'onopang'ono, ndipo tikafa sitimeranso. Akatswiri amayeza phokoso ndi madesibelo. Malire ndi madesibelo 85 kwa maola 8 pa tsiku. Akafika 88, maola ake ndi 4 okha. Kafukufuku wina waonetsa kuti phokoso likaphatikana ndi kunjenjemera, khutu limatopa kwambiri kuposa ndi phokoso lokha.

Chakudza sichiimba ng'oma. Ugonthiwu supweteka. Umayamba ndi kulira kwa m'khutu mukachoka pa ntchito, kenaka mawu a ana ndi amayi samveka bwino. Bambo amangoti "wati chiyani?", pakhomo n'kumati ndi nkhanza kapena mwano. Mapeto ake, ngakhale azana ya Subuhi imawadutsa ali gone.

Nanga tichitenji? Ngati mukukuwa kuti mnzanu amene ali pa mtunda wa mita imodzi akumveni, phokosolo lapyola muyezo. Valani zotseka m'makutu. Thonje silithandiza kwenikweni. Yalani siponji kapena labala pokhalira, mangitsani mabawuti a injini, ndipo muzisinthana pa chiwongolero. Amayi, musaime ndi khanda kumbuyo m'kati mwa chigayo. Dikirani ufa panja.

Khutu likalira masiku angapo, pitani kuchipatala. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre amayeza makutu. Thupi ndi amana yomwe Allah anatisungitsa, tsono tisagulitse makutu athu ndi chitini cha usipa.